Kuchigwa kuli dzuwa, kuphiri kuli zina

Loweruka lililonse m'mwezi wa Epulo, sitima yochoka mumzinda wa Manchester kupita ku Sheffield, m'dziko la England, imatula chikhamu cha anthu pa kasiteshoni ka m'mudzi wa Edale. Ena ndi ophunzira a m'mayunivesite, ena ndi mabanja, enanso ndi achikulire opuma pantchito. Onse amakhala atabereka zikwama, maso ali kuphiri.

Anthuwa sapita kukatola nkhuni, kukasaka nyama kapena kukazonda abale kuseri kwa phiri. Amangofuna kuyenda basi. Kwa munthu amene amaponda makilomita khumi kupita kuchigayo chifukwa chosowa ya basi, izi zikhoza kuoneka ngati kusowa chochita. Koma ku Britain, kuyenda m'mapiri ndi chimodzi mwa zinthu zimene anthu amapumulira nazo akaweruka kuntchito ya sabata yonse.

Nthawi imene ambiri amaikonda ndi ya miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, imene eni ake amaitcha spring, pamene dziko limakhala likutuluka m'nyengo yozizira. Kuchigwa kumakongola. Udzu umayamba kubiriwira, mitengo imaphukira, tiana tankhosa timadumphadumpha m'mabusa. Munthu amene wapirira miyezi itatu ya mdima ndi chisanu amaona ngati mavuto atha, ndipo amanyamuka atavala mopepuka.

Msampha wagona pomwepo. Pamwamba pa Kinder Scout, phiri limene lili kumpoto kwa mudziwu, nyengo yozizira imakhala isanatsanzike.

Timapiri tating'ono koma toopsa

Mapiri a ku England si ataliatali. Kinder Scout, lomwe ndi lalitali kuposa onse m'dera la Peak District, ndi lokwera mamita 636 okha kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Scafell Pike, lalitali kwambiri m'England monse, ndi la mamita 978. Mzinda wa Lilongwe uli pamalo okwera mamita oposa 1,000, kutanthauza kuti amene akugula matimati mumsika wa Lilongwe ali pamwamba kuposa munthu amene waima pansonga pa phiri lililonse la ku England.

Kuchepa kumeneku ndi kumene kumapusitsa anthu. Kuopsa kwa mapiriwa sikuli m'maphompho kapena m'kutalika kwake ayi. Kuli m'mvula, m'mphepo ndi m'kusowa kwa pobisala. Pamwamba pa Kinder Scout ndi mnzake Bleaklow palibe mtengo, palibe nyumba. Ndi chidikha chachikulu cha dothi lakuda lonyowa, lopangidwa ndi zomera zimene zakhala zikuwolerana kwa zaka zikwizikwi. Dothili lidang'ambikang'ambika ndi ngalande zakuya, zina zobisa munthu wamtali, ndipo zonse zimafanana. Nkhungu ikatsika, ngakhale amene adadutsapo kakhumi amatha kumangozungulira pamodzimodzi.

Tsiku limene adafika 22 okha

Pa 14 Malichi 1964, lomwe lidali Loweruka, anyamata pafupifupi 240 a gulu la masikawuti akuluakulu adanyamuka m'mamawa m'mudzi wa Holmbridge pa mpikisano woyenda pansi wotchedwa Four Inns Walk. Dzinali lidabwera chifukwa njira yake inkadutsa pamalo anayi a nyumba zakale zofikira alendo. Ankayenda atatuatatu, ndipo ankayenera kudutsa zitunda za Black Hill, Bleaklow ndi Kinder Scout mpaka kukafika m'tauni ya Buxton, mtunda woposa makilomita 60, tsiku lomwelo.

Sadali anthu ofooka. Adali anyamata abiriwiri ozolowera kuyenda, ndipo mpikisanowo udali utachitikapo zaka zingapo m'mbuyomo popanda chovuta chachikulu.

Koma tsikulo mvula idalimba ndipo sidakate. Mphepo idakula. Dothi la pamwamba pa Bleaklow lidasanduka phala, moti phazi lililonse linkachita kuzulidwa. Ambiri adagonja n'kutsikira pamalo amene okonza mpikisanowo ankalemberapo maina a odutsa. Amene adakafika ku Buxton adali 22 okha.

Anyamata atatu, a zaka 19, 21 ndi 24, adamwalira. Mmodzi adatsitsidwa m'phirimo akadali moyo koma sadatsitsimuke. Awiri enawo adasowa, ndipo usiku umenewo kudagwa chipale chofewa chimene chidakwirira chilichonse. Anthu mazanamazana adawafunafuna, ndipo mitembo yawo idapezeka m'masiku otsatira cha kuchigwa cha Alport, m'mphepete mwa Bleaklow.

Chimene chidadabwitsa anthu n'chakuti masana a tsikulo, pamene anyamatawa ankayamba kufooka, kuzizira sikudafike ngakhale poumitsa madzi. Nanga chidawapha n'chiyani?

Yankho la dokotala wa ku Everest

Amene adafufuza za imfazi ndi Dr Griffith Pugh, katswiri wa kagwiridwe ntchito ka thupi la munthu. Iyeyu adali nawo m'gulu limene lidafikitsa Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay pansonga pa phiri la Everest mu 1953, ndipo ndi amene adalangiza gululo za zovala, zakumwa ndi mpweya wopumira.

Pugh adayesa zovala zonga zimene oyenda m'mapiri ankavala masiku amenewo: jinzi, malaya, juzi ndi kajekete kolowa madzi. Adapeza kuti zovalazi zikakhala zouma zimafunda bwino ndithu, koma zikanyowa, mphepo n'kumaomba, zimataya pafupifupi mphamvu yonse yosunga kutentha. Munthu amakhala ngati sadavale kanthu.

Adapezanso china. Munthu wonyowa akamayenda mwachangu, minofu yake imatulutsa kutentha kokwanira kumuteteza. Koma akatopa n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, kutentha kumene thupi likupanga kumachepa pamene kumene likutaya kukadali komweko. Kuchokera apo zinthu zimaipa msanga. Choncho adani ake ndi atatu ogwirizana: kunyowa, mphepo ndi kutopa.

Madokotala amatcha vutoli hypothermia. Thupi la munthu wabwinobwino limatentha madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, zizindikiro zimayamba. Munthu amanjenjemera kosalekeza, amapunthwapunthwa, manja amakanika kumanga zingwe za nsapato, lilime limalemera. Amene amamuona angaganize kuti waledzera. Amatha kukwiya popanda chifukwa kapena kungokhala chete, n'kumatsalira m'mbuyo.

Choopsa kwambiri n'chakuti ubongo ndi umene umayamba kusokonekera, moti wodwalayo sadziwa kuti akudwala. Amaumirira kuti ali bwino. Zikafika poipa, kunjenjemera kumasiya, ndipo ena amafika povula zovala poganiza kuti kukutentha. N'chifukwa chake mwambi woti kuyenda awiri si mantha umagwira ntchito kwenikweni m'mapiri: amene amaona kuti zinthu zasintha ndi mnzake, osati mwini wake.

Malangizo amene adatuluka m'kafukufuku wa Pugh ndi amene amaphunzitsidwa mpaka lero. Munthu akayamba kuonetsa zizindikirozi, osamukakamiza kupitiriza ulendo. Pamafunika kumupezera pobisala mphepo, kumuyalira chinthu pansi kuti asakhale padothi lozizira, kumuveka zouma, ndi kumupatsa chakumwa chofunda cha shuga ngati akutha kumeza. Mowa ndi woletsedwa. Umamveketsa kutentha pakhungu pamene ukuthamangitsa kutentha kwenikweni m'kati mwa thupi.

Nyengo zinayi tsiku limodzi

Kodi n'chifukwa chiyani miyezi imeneyi ndi imene imakhala yosapanganika chonchi?

Britain ndi chilumba, ndipo mphepo yake yambiri imachokera kumadzulo, kunyanja ya Atlantic, itasenza chinyontho. Ikafika pa mtandadza wa mapiri a Pennines, umene Peak District ili kumapeto kwake chakumwera, imakakamizika kukwera. Ikakwera imazizira, n'kupanga mitambo ndi mvula. Motero kuphiri kumatha kugwa mvula pamene kuchigwa anthu akuyanika zovala.

M'Malichi ndi m'Epulo pamabwera china. Dzuwa limakhala layamba kulimba ndipo limatenthetsa nthaka, koma nyanja imakhala ikadali yozizira, ndipo mpweya wozizira kwambiri wochokera kumpoto umatha kutsika nthawi iliyonse. Mpweya wofunda wa pansi ukamakwera n'kukumana ndi wozizira wa kumwamba, mitambo ikuluikulu imapangika m'kanthawi kochepa. Munthu amatha kuotha dzuwa 10 koloko m'mawa, n'kumenyedwa ndi matalala 12 koloko, dzuwa n'kuwalanso 1 koloko, kenako chipale chofewa n'kugwa madzulo.

Kukwera kokhako kumasinthanso zinthu. Pa mamita 150 aliwonse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi digiri imodzi kapena kupitirirapo. Kuchoka ku Edale kufika pamwamba pa Kinder Scout ndi mamita pafupifupi 400, ndiye kuti madigiri atatu apita kale. Pamwambapo mphepo imakhala yamphamvu kwambiri kuposa kuchigwa chifukwa palibe choitchinga. Kumadzulo kwa phirili kuli mathithi otchedwa Kinder Downfall, a mamita 30. Mphepo ya kumadzulo ikalimba, madzi a pamathithiwa satsika: amauluzika kubwerera kumwamba ngati utsi, ndipo amaonekera patali.

Kutalika kwa usana nakonso kumanyenga. Pofika kumapeto kwa Meyi, dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku. Anthu amene miyendo yawo yakhala ikupuma nyengo yonse yozizira amasankha njira zazitali poona kuti nthawi ilipo, koma mphamvu n'kuwathera pakati pa ulendo.

Zaka zaposachedwa zaonetsa mbali zonse ziwiri za nyengoyi. Kumapeto kwa Malichi 2013 kudagwa chipale chofewa chambiri m'mapiri a ku Wales, Northern Ireland ndi kumpoto kwa England, ndipo nkhosa zikwizikwi zidafa zitakwiririka, zambiri zili pafupi kuswa kapena zitangoswa kumene. Pa Isitala wa 2019 zidali zosiyana: kudatentha ndi kuuma, ndipo moto wochokera pa mbaula yootchera nyama udapsereza dera lalikulu la Marsden Moor, kumpoto kwa Peak District, nthawi imene mbalame zidali zitaikira mazira pansi.

Za m'chikwama

Oyenda ozolowera amalongedza chikwama poganizira za pamwamba pa phiri, osati za pakhomo pamene akunyamukira. Amavala zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza kuti azitha kuvula kapena kuwonjezera malinga ndi mmene kukusinthira. Jekete ndi buluku losalowa madzi sazisiya ngakhale kumwamba kuli mbee. Jinzi ndi malaya athonje amazipewa chifukwa zimamwa madzi ndipo siziuma msanga. Ubweya wankhosa ndi nsalu zopangidwa m'fakitale ndi zimene zimafundabe zikanyowa.

M'chikwamamo mumakhalanso chipewa, magolovesi, tochi, wezulo, chakudya choposa chimene munthu akuganiza kuti adya, ndi thumba lalikulu lapulasitiki loti munthu akhoza kulowamo yense podikira thandizo. Asananyamuke amawerenga ulosi wa zanyengo wa m'mapiri, umene bungwe la Met Office limatulutsa mosiyana ndi wa m'matauni, ndipo amauza wina kunyumba njira imene adzere ndi nthawi imene akuyembekeza kubwera.

Masiku ano ambiri amadalira mapu a pafoni. Opulumutsa anthu m'mapiri sakana kuti foni imathandiza, koma amachenjeza kuti batire limatha msanga kukazizira, netiweki imasowa m'makwawa, ndipo galasi lonyowa silimva chala. Mapu apepala ndi kampasi sizifuna batire, koma zimafuna munthu amene adaphunzira kuzigwiritsa ntchito nkhungu isanamupeze.

Opulumutsa osalandira malipiro

Imfa za mu 1964 zidaonetsa kuti magulu ofunafuna anthu osowa m'derali adali ochepa ndipo sankagwirira ntchito limodzi. Chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Peak District Mountain Rescue Organisation, limene pano limagwirizanitsa magulu asanu ndi awiri: a ku Buxton, Derby, Edale, Glossop, Kinder, Oldham ndi Woodhead.

Onse a m'magulu amenewa ndi anthu ongodzipereka. Ali ndi ntchito zawo zina, ndipo uthenga ukafika amasiya zimene akuchita, usana kapena usiku. Ndalama zogulira galimoto ndi zipangizo zimachokera kwa anthu akufuna kwabwino, ndipo wopulumutsidwa salipira kanthu. Amene ali pamavuto amaimba 999, n'kupempha apolisi, kenako n'kunena kuti akufuna opulumutsa a m'mapiri. Foni ikakanika, chizindikiro chodziwika ndi kuliza wezulo kapena kuthwanimitsa tochi kasanu ndi kamodzi, kupuma mphindi imodzi, n'kubwerezanso.

Koma thandizo silifika ngati ambulansi ya m'tauni. Nkhungu ikatsika, helikopita siuluka. Kutsitsa munthu mmodzi pamachira kumafuna anthu ambiri osinthana, ndipo kumatenga maola. Maola amenewo ndi amene zovala zouma za m'chikwama zimaonetsa phindu lake.

Ufulu umene ena adalowera nawo m'ndende

Anthu amene amatsika sitima pa Edale lero amakwera Kinder Scout popanda wowafunsa, koma kale sizidali choncho. M'zaka za m'ma 1930, zitunda zambiri za m'derali zidali zotsekedwa. Eni malo olemera ankazisunga kuti azisakamo mbalame zonga nkhwali zotchedwa grouse kwa masiku ochepa pachaka, ndipo alonda onyamula zibonga ankathamangitsa aliyense wolowamo. Ogwira ntchito m'mafakitale a utsi a ku Manchester ndi Sheffield ankangowaonera patali mapiriwo.

Pa 24 Epulo 1932, anthu pafupifupi 400 adasonkhana pafupi ndi mudzi wa Hayfield n'kukwera Kinder Scout mwadala, motsogozedwa ndi Benny Rothman, mnyamata wa zaka 20 wa ku Manchester. Padali kulimbana ndi alonda, ndipo potsika ena adamangidwa. Asanu adalamulidwa kukhala m'ndende kwa miyezi yoyambira iwiri mpaka isanu ndi umodzi. Rothman adapatsidwa inayi.

Zilangozi zidakwiyitsa anthu ambiri ndipo zidakulitsa mfuu yofuna kuti mapiri atsegulidwe. Mu 1949 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa malo otetezedwa a dziko lonse, ndipo Peak District idakhala yoyamba mu 1951. Pa 24 Epulo 1965 kudatsegulidwa njira ya oyenda pansi ya Pennine Way, ya makilomita oposa 400, yoyambira pa Edale kukathera ku Kirk Yetholm m'dziko la Scotland. Lamulo la Countryside and Rights of Way Act la mu 2000 lidapereka ufulu woyenda m'zitunda zosalimidwa za ku England ndi Wales. Mu 2002, pa mwambo wokumbukira kuti patha zaka 70, Duke wa ku Devonshire adapepesa poyera pa zimene banja lake lidachitira oyendawo.

Ufuluwu uli ndi malire ake, makamaka m'miyezi ino. Zitundazi ndi mabusa a alimi, ndipo ino ndi nthawi imene nkhosa zimaswa. Galu akangothamangitsa nkhosa yabere, ngakhale asailume, ikhoza kutaya mwana. Mbalame zina zimaikira mazira pansi, mu udzu. Pachifukwachi, kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julaye, lamulo limafuna kuti galu akhale pachingwe chosapitirira mamita awiri m'malo otsegulidwawa. Zipata nazo zimayenera kusiyidwa mmene munthu wazipezera.

Palibenso mlonda amene amaima m'munsi mwa phiri kuona ngati wokwera wanyamula jekete. Woyenda aliyense amadziweruza yekha.

Phunziro lofika mpaka ku Mulanje

Amalawi amene akukhala ku Manchester ali pafupi kwambiri ndi mapiriwa, chifukwa sitima yopita ku Edale sitha ola. Koma ngakhale amene sadzapondako ku England amaidziwa nyengo yotere. Anthu a ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre amadziwa chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza yozizira imene imabwera ndi mphepo ya kumwera chakum'mawa m'miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, ndipo dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chikagwa pa phiri la Mulanje, munthu saona ngakhale mwala umene uli patsogolo pake.

Mu Julaye 2009, Gabriel Buchmann, katswiri wa zachuma wa zaka 28 wa ku Brazil, adasiya womuperekeza n'kulowera yekha ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, atavala mopepuka. Nyengo idasintha. Thupi lake lidapezeka mu Ogasiti, patatha pafupifupi masabata atatu, ndipo chidamupha ndi kuzizira komwe kudapha anyamata a pa Bleaklow. Nkhani yake idajambulidwa mu filimu ya Gabriel and the Mountain, imene idatuluka mu 2017.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kaya ndi pa Sapitwa kaya pa Kinder Scout, amene amakumana ndi tsokali kawirikawiri ndi anthu amphamvu zawo, amene anyamuka kuli dzuwa ndipo akuona kuti kubwerera n'kutaya ulendo.

Aphunzitsi a zoyenda m'mapiri amalangiza kuti gulu lizigwirizana lisananyamuke nthawi imene libwerere, kaya lafika pansonga kaya silidafike, ndiponso kuti liziyendera liwiro la amene akutsalira. Amene amamvera langizoli amatha kubwerera atatsala mamita 100 okha kuti afike pamwamba. Amatsika atanyowa ndiponso atakhumudwa, n'kukapeza kuti ku Edale dzuwa likuwalabe ndipo tiana tankhosa tikudumphadumpha ngati m'mawa muja.

Koma sitima yamadzulo yobwerera ku Manchester amaikwera onse, ndipo Loweruka linalo phiri amalipeza lili pomwepo.